Kodi misonkho yathu izidyetsa okalamba? Tithandizane maganizo

Nabanda

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule kuno.

Mayi anga ali ndi zaka 81 ndipo chimwalirireni bambo amakhala okha. Mwezi watha nditapita kukawaona ndinapeza zinthu zomwe ndinawagulira ulendo winawo zili momwe ndinazisiyira. Botolo la mafuta ophikira losatsegula n'komwe. Nditafunsa anandionetsa zala zawo n'kunena kuti, "Mwana wanga, chivindikirochi chikundikanika." Mphika womwe ankaphikira kale anaukankhira pansi pa tebulo, poti ukadzaza madzi satha kuunyamula. Masiku ambiri akumangomwa tiyi basi n'kukagona. Diresi lomwe linkawathina chaka chatha pano likungolendewera m'mapewa.

Chomwe chandiwawa n'chakuti njala yawagwira chakudya chili m'nyumba. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo mtima wanga unali m'malo kuti akudya.

Funso langa ndi ili. Boma likaika ndalama zodyetsera ana kusukulu, tonse timaomba m'manja. Nanga okalamba omwe sangathenso kudziphikira? Kodi n'koyenera kuti msonkho wathu uzilipira chakudya chawo, kapena umenewu ndi mtolo wa banja lokha?

Gama

Pepani achemwali, zimenezo n'zowawa. Koma ine ndinena mosabisa: kholo ndi la ana ake. Anatilera, ifenso tiwalere. Ndalama za boma n'zochepa kale, mankhwala akusowa, masukulu akusowa mabuku. Tikati boma lizilowanso m'khitchini mwa aliyense, ana ambiri adzangopinda manja n'kumati boma lilipo.

Namwino wopuma

A Nabanda, zomwe mwaonazo ndinaziona zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'wodi. Wokalamba amabwera atagwa n'kuthyoka m'chiuno, abale onse maso ali pa fupa. Ife tikamukweza pa sikelo ndi pomwe timaona kuti vuto linayamba kalekale pa mbale.

Thupi likamakalamba chilakolako cha chakudya chimatsika, kukoma ndi fungo zimachepa, ngakhale ludzu munthu salimva msanga. Mano akagweluka kapena kuchoka, amayamba kuthawa zonse zofuna kutafuna, ndipo zambiri mwa zimenezo ndi zomanga thupi. Pomwe thupi lake likufuna zomanga thupi zochuluka kuposa kale. Munthu wamkulu wamba amawerengeredwa magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, koma akatswiri a zaumoyo wa okalamba amalangiza 1.0 mpaka 1.2, ndipo akadwala kuposa pamenepo. Mayi wolemera makilogalamu 50 ndiye kuti akufunika magalamu 50 mpaka 60 patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Muone kutalika kwa ulendowo kwa munthu amene akungomwa tiyi.

Zikatere minofu imatha pang'onopang'ono. Miyendo ikafooka amaleka kuyenda, akaleka kuyenda njala saimva, akapanda kudya amafookeratu. Palinso vitamini B12 yemwe m'mimba mwa wokalamba simumutenga bwino kuchokera m'zakudya, ndipo akaperewera munthu amayamba dzanzi m'mapazi ndi kuiwalaiwala. Abale amangoti ndi ukalamba.

Apititseni akawayeze, ndipo muwauze madokotala kuti atsika thupi. Osadikira kuti agwe kaye.

Mbewe

A Gama, mawu anuwo ndawamva, koma pali maiko omwe anayesa kale ndipo titha kuona zomwe zinachitika m'malo mongoganizira.

Ku America kuli lamulo lotchedwa Older Americans Act lomwe pulezidenti Lyndon Johnson anasayina mu 1965. Mu 1972 anaonjezeramo gawo la chakudya. Aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo ali ndi mwayi wolandira, ndipo safunsidwa kuti amapeza zingati, ngakhale lamulolo limati oyamba kuganiziridwa akhale osaukitsitsa ndi osowa owasamala. Njira zake ndi ziwiri. Amene angathe kuyenda amakadyera limodzi pamalo amodzi, kaya ndi holo ya m'dera kaya ya mpingo. Amene sangathe kutuluka amawapititsira kunyumba. Mbale iliyonse iyenera kukhala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zofunika m'thupi patsiku. Wolandira amapemphedwa kuponyapo kangachepe ngati ali nako, koma akapanda kupereka sabwezedwa.

Boma lalikulu limaikapo ndalama zoposa pang'ono madola 1 biliyoni pachaka. Zimagawidwa ku zigawo za dzikolo potengera kuchuluka kwa okalamba, kenako ku maofesi a m'madera, n'kufika ku timabungwe tomwe timaphika ndi kugawa. Tsono apa ndi pomwe ndikufuna a Gama amve: ndalama za boma lalikuluzo sizikwana ngakhale theka la zomwe ntchitoyi imadya. Zotsalazo zimachokera ku maboma a zigawo, kwa anthu akufuna kwabwino ndi kwa okalamba eni ake, ndipo ambiri mwa onyamula chakudyacho ndi anthu ongodzipereka. Boma silinalande ntchito ya banja kapena ya anthu a m'dera. Linangoika mwala wapansi kuti enawo apeze pomangira.

Gama

Achimwene, mwatchula dziko lolemera. Madola 1 biliyoni amenewo ena ndi bajeti ya unduna wonse wa zaumoyo.

Mbewe

N'zoona. Koma chiyambi chake sichinali cha anthu olemera ayi. Zinayambira ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabomba atagumula nyumba za anthu moti ambiri analibe pophikira. Amayi a gulu la Women's Voluntary Services ndiwo ankaphika n'kumagawa, ena akukankha miphika m'tingolo toyendetsera makanda. Dzina loti Meals on Wheels, kutanthauza chakudya choyenda pa mateyala, linachokera kumeneko. Ku America zinafika mu 1954 mumzinda wa Philadelphia, ndipo chaka chomwecho ku Port Adelaide m'dziko la Australia mayi wina wolumala, Doris Taylor, anatsegula khitchini yake yoyamba. Onsewa anayamba ndi manja awo, ndalama za boma zinabwera pambuyo ntchito itaoneka kuti ndi yaphindu.

Nangozo

Ine ndili kumbali ya a Nabanda kuti boma lili ndi udindo, koma za chakudya chophikaphikazi ndikuzikayikira. Mukangoti boma ligule chakudya, mwatsegula khomo la ma tenda ogulira katundu, ma kontirakiti, magalimoto, mafuta, ma alawansi a oyang'anira. Pofika pa mbale ya agogo ndalama yatha theka. Bwanji osangowapatsa ndalamayo m'manja?

Ndipo zimenezi si maiko olemera okha omwe akuchita. Mauritius anayamba kupereka penshoni kwa wokalamba aliyense mu 1958. Botswana anayamba mu 1996 kwa a zaka 65, Lesotho mu 2004 kwa a zaka 70, Zanzibar mu 2016 kwa a zaka 70 omwewo. Ku Namibia amayambira pa zaka 60. Palibe kufufuza kuti wosauka ndani, umangoonetsa umboni wa zaka zako. Pomwe palibe kusankha, katangale amasowa polowera.

Chinanso, ndalama imapatsa munthu ulemu. Agogo amasankha okha choti agule, ndipo pakhomo amaonedwa ngati munthu wobweretsa kanthu, osati katundu.

Mdzukulu wa agogo

Azakhali a Nangozo, ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, tinalipo ana asanu. Ndikukuuzani zoona: chilichonse chomwe chinkalowa m'nyumba muja chinkathera mwa ife. Ankatigawira onse, iwo n'kunena kuti adya kale. Ndili mwana ndinkakhulupirira. Ndinadzazindikira ndili ndi zaka 14 nditawapeza kukhitchini usiku akupala zotsalira mumphika ndi supuni, mumdima, kuti tisawaone. Mpaka lero ndikakumbukira kulira kwa supuni ija mtima umandipweteka.

Ndiye ndalama m'manja ndi yabwino, sindikukana. Koma musaganize kuti ikafika kwa agogo yafika m'mimba mwa agogo.

Nangozo

Mwana wanga, wandiliza. Ndipo zomwe wanenazo ofufuza anazipezadi. Katswiri wa zachuma Esther Duflo anaunika penshoni ya okalamba ya ku South Africa, ndipo zomwe anatulutsa mu 2003 zinaonetsa kuti pakhomo pomwe wolandira ndi agogo aakazi, adzukulu aakazi ankanenepa ndi kukula bwino. Pomwe wolandira ndi agogo aamuna kusinthako sikunaoneke. Ine ndimaitenga ngati mfundo yoikira kumbuyo penshoni, kuti ndalama imodzi ikudyetsa mibadwo iwiri. Koma ndikuvomera kuti ukaitembenuza ikunenanso zomwe iwe wanena.

Nabanda

A Nangozo, vuto la mayi anga ndi lomwelo. Ndalama ali nazo, ndimatumiza. Ndalama siitsegula botolo, siinyamula mphika.

Namwino wopuma

Apa tikusakaniza anthu awiri osiyana, n'chifukwa chake tikuoneka ngati tikutsutsana. Pali wokalamba amene mphamvu ali nazo koma alibe chogulira. Ameneyo mupatseni ndalama, adziwa yekha chochita. Ndiye pali wina amene manja akunjenjemera, maso sakuona bwino, kapena wayamba kuiwala kuti wasiya moto. Ameneyo ngakhale mumudzazire nyumba ndi matumba, afa ndi njala. Boma lomwe likufuna kuthandiza liyenera kukhala ndi njira ya aliyense mwa awiriwa.

Ndionjezepo wachitatu, yemwe sitimuwerengera. Mphamvu ali nazo, chogulira ali nacho, koma mkazi kapena mwamuna wake atamwalira analeka kuphika chifukwa kuphikira munthu mmodzi sikumupatsa chidwi. Abambo amasiye ambiri ali m'gulu limeneli. Munthu akamadya ndi anzake amadya zambiri kuposa akakhala yekha, zimenezi aliyense wogwira ntchito m'wodi amazidziwa. N'chifukwa chake malo odyera limodzi aja ndimawaona ngati mankhwala.

Chisale

Ndakhala ndikungowerenga, koma pa mfundo ya anamwinoyi ndilankhulepo chifukwa ndinayendetsako chakudya chotere kwa zaka ziwiri, Lachiwiri ndi Lachisanu, mongodzipereka.

Pamndandanda wanga panali nyumba 14. Lamulo lathu linali loti susiya chakudya pakhomo, uyenera kumuona mwini wake ndi maso. Bambo wina ankandidikira atavala jekete ndi tayi, atakhala pampando womwe anauika dala moyang'ana chitseko. Anandiuza kuti kuyambira Lachisanu mpaka Lachiwiri salankhula ndi munthu. Mphindi zanga zitatu zija iwo ankazikonzekera m'mawa wonse.

Tsiku lina kwa mayi wina ndinagogoda katatu, zii. Ndinazungulira kuwindo la kubafa ndipo ndinamva kubuula. Anali atagwa dzulo lake madzulo, anagona pasimenti usiku wonse. Tinathyola chitseko ndi anthu oyandikana nawo. Anachira. Chikhala kuti chakudya chawo chinkabwera kamodzi pamwezi m'katoni, sindikudziwa akanapezeka liti.

Oŵerengera ndalama akamaona ntchitoyi amaona mtengo wa mbale imodzi, n'kunena kuti yakwera. Kugogoda kuja sikulembedwa pena paliponse.

Mbewe

Zomwe a Chisale anenazi zinayesedwapo. Mu 2015 Kali Thomas wa ku Brown University anatsogolera kafukufuku pa okalamba omwe anali pamndandanda wodikira. Anawagawa patatu: ena ankalandira chakudya chotentha tsiku lililonse, ena cha mufiriji kamodzi pasabata, ena anapitiriza kudikira. Olandira tsiku ndi tsiku ndiwo ananena kwambiri kuti kusungulumwa kwachepa ndiponso kuti akumva kutetezeka m'nyumba zawo. Ndinene poyera kuti bungwe la Meals on Wheels America linali nawo pa kafukufukuyo, ndiye wina atha kuti ankadziyamikira okha. Koma kagawidwe ka magulu kanali kamwayi, ndipo zotsatira zake zikugwirizana ndi zomwe onyamula chakudya amaona.

Izi zili ndi ntchito pa nkhani ya bajeti, chifukwa ndalama zikachepa chinthu choyamba chomwe oyendetsa amachita ndi kusintha kuchoka ku chotentha cha tsiku lililonse kupita ku cha mufiriji cha sabata yonse. Pa pepala chiwerengero cha mbale sichisintha.

Gama

Chabwino, nkhani ya a Chisale yandikhudza. Komabe funso langa silinayankhidwe. Ndalamazo zichokera kuti? Nduna ya zachuma ili ndi mwana wonyentchera wa zaka ziwiri mbali iyi, agogo a zaka 80 mbali inayo. Mwanayo ali ndi moyo wonse kutsogolo. Inu mungasankhe ndani?

Namwino wopuma

Bambo Gama, funso limenelo ndalimva kambirimbiri ndipo limandipweteka nthawi zonse, chifukwa limayesa ngati wokalamba akapanda kudyetsedwa ndiye kuti boma lapulumutsa ndalama. Sizitero. Amabwera kuchipatala. Wonyentchera amagwa msanga, bala lake silipola msanga, chibayo chimamugwira msanga, amakhalitsa pabedi, ndipo akatuluka sapita nthawi wabweranso. Bedi limenelo, opaleshoni ya chiuno imeneyo, amalipira ndi msonkho womwewo. Ndiponso mwana wake wamkazi amasiya ntchito kukakhala pachipatala milungu ingapo. Ndalama imatuluka ndithu, kungoti imatulukira khomo lina, mochedwa, munthu atavutika kale.

Ndipo monga wanenera mdzukulu uja, nthawi zambiri amene akulera mwana wa zaka ziwiriyo ndi agogo omwewo.

Phiri wa ku ofesi

Ndiyankhe a Gama pa za maiko osalemera kwambiri. Pali njira zapakati, zosafuna galimoto yopita khomo ndi khomo.

Chile kuyambira 1999 ili ndi pologalamu yotchedwa PACAM. Wokalamba, makamaka wa zaka 70 kupita m'tsogolo, amakalandira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake ufa wa supu ndi ufa wa chakumwa cha mkaka, zonse zothiridwa mavitamini ndi michere. Kukonza kwake n'kosavuta, sikufuna mphika waukulu. Nzeru yake ili apa: kuti ulandire uyenera kukhala kuti ukupita kukayezedwa pa nthawi yake. Ndiye chakudyacho chimakokera wokalamba kwa anamwino, ndipo amene akutsika thupi amadziwika msanga.

India mu 2000 anayambitsa Annapurna, makilogalamu 10 a chakudya chosaphika mwezi uliwonse kwaulere kwa a zaka 65 omwe ndi oyenera penshoni koma sakulandira. Imeneyi imathandiza munthu woyamba uja wa anamwino, wachiwiri ayi. China nayo ikumanga malo odyera okalamba m'madera, ndipo mu 2023 boma lake linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yokulitsa ntchitoyi. Kumeneko wokalamba amalipira pang'ono, boma la mzinda n'kuthirapo.

Palinso khitchini zomwe boma linamanga kale, za kusukulu. Moto ukuyaka kale, ophika alipo kale. Kuonjezera mbale za okalamba a pafupi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kuyamba zatsopano. Kungoti chakudya cha mwana wa sukulu si cha munthu wopanda mano kapena wodwala shuga, ndiye pamafunika wina wodziwa azionapo.

Nangozo

Ya Chile ija yandisangalatsa chifukwa ndi yovuta kuba. Ufa wa supu wolembedwa kuti ndi wa okalamba ukaupeza pamsika aliyense adziwa komwe wachokera.

Mbewe

Pali chinthu china chomwe tisachiiwale, ndipo kwa ine ndi chachikulu kuposa kukangana za ndalama kapena mbale. Ndi funso loti ntchitoyi yalembedwa m'malamulo kapena ikungodalira chifundo cha amene ali pampando.

Onani ku England komwe zinayambira. Lamulo silikakamiza makhonsolo kuti azipereka chakudya chopititsa kunyumba. Boma litayamba kudula ndalama za makhonsolo kuyambira 2010, ntchito imeneyi inali m'gulu la zoyamba kugwa, moti pofika lero makhonsolo omwe akuperekabe sakwana theka. Palibe tsiku lomwe analengeza kuti tasiya kudyetsa okalamba. Khonsolo iyi inakweza mtengo, iyo inasiya mwakachetechete, basi.

Ku America lamulo lilipo, koma kuchuluka kwa ndalama kumavomerezedwa chaka ndi chaka. Mu 2013 bajeti yonse itadulidwa, chakudya cha okalamba chinadulidwa nawo. Pa nthawi ya Covid-19 malo odyera limodzi atatsekedwa boma linathira ndalama zapadera, mwachitsanzo madola 750 miliyoni mu 2021, koma zinali za kanthawi. Zitatha, mitengo ya zakudya ndi mafuta inali itakwera, okalamba achuluka, ndipo mindandanda ya odikira inatalika. Bajeti ikangoima pamodzi zinthu zikukwera mtengo, ndiye kuti yadulidwa.

Ndipo chiwerengerocho chikukwera kulikonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali 1 biliyoni, pofika 2030 adzakhala 1.4 biliyoni, munthu mmodzi mwa 6 alionse, ndipo mu 2050 adzafika 2.1 biliyoni. Mabanja akuchepa ana, anawo akupita kutali kukafuna ntchito. A Gama, kholo ndi la ana ake, inde. Koma a Nabanda ndi mwana wabwino, amatumiza mwezi uliwonse, ndipo mayi awo aonda. Nanga amene sanabereke, kapena anaika ana ake onse m'manda?

Gama

Pa amene alibe ana ndilibe mawu. Amenewo boma liwatenge, ndavomera. Pomwe ndikuumirirabe ndi pa kupereka kwa aliyense. Munthu amene ana ake ali pantchito zabwino alipire ndithu, asadye za amasiye.

Chisale

Achimwene, kulipira sikovuta, ambiri amafuna okha. Bambo wa tayi uja ankandipatsa envelopu yake Lachisanu lililonse, yomata bwinobwino, ndipo ankaonetsetsa kuti ndailemba. Chomwe ndinaona n'chakuti ukangoika fomu yofunsa kuti ana anu amapeza zingati, oyamba kuthawa ndi omwe akuvutikitsitsa. Safuna kulemba papepala kuti ana awo anawataya. Envelopu yomata, aliyense aikemo zomwe angathe, wina asadziwe, imeneyo inkayenda bwino.

Mdzukulu wa agogo

Agogo anga sakanalemba fomu yoteroyo. Akanati tili bwino.

Nabanda

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti muyankha chonchi. Anamwino, ndaimba foni, Lolemba ndikupita nawo kukayezetsa ndipo ndikanena za kutsika thupi ndi dzanzi la m'mapazi, poti analitchulapo koma sindinalabadire. Ndalankhulanso ndi mayi wina woyandikana nawo, wavomera kuti akaphika masana aziwapatsako n'kukhala nawo mpaka amalize, ine ndizimulipira pamwezi. Ndagula kamphika kakang'ono ka zigwiriro ziwiri, ndipo mafuta ndiziwathirira m'kabotolo kosavuta kutsegula.

Koma pamzere wa nyumba za mayi angawo pali okalamba ena atatu okhala okha, ndipo awiri mwa iwo sindinaonepo mlendo akulowa pakhomo pawo. A Phiri, inu mumadziwa kayendedwe ka mapepala m'maofesi. Tikafuna kuti nkhaniyi ilowe mu bajeti ya khonsolo, timayambira pati, kwa khansala kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu? Ndipo tipite ndi chiyani m'manja?

Phiri wa ku ofesi

Yambirani ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, khansala mumutenge ngati mboni. Musapite ndi madandaulo okha. Lembani chiwerengero cha okalamba okhala okha m'dera lanulo, angati sangathe kuphika, angati anagonekedwapo m'chipatala chaka chino, ndipo mupemphe anamwino a pafupi akuthandizeni kuwayeza pa sikelo, eni ake atavomera. Mufunsenso mwezi womwe khonsolo imalandira maganizo a anthu pa bajeti, chifukwa mukafika itadutsa kale adzakuuzani kuti mudikire chaka chamawa. Mukalemba kalatayo itumizeni kuno tiione kaye.